Mavoti 77, kenako 32: mpondamatiki amene mpando udamupulumuka kawiri

Pa 24 Ogasiti 2022, patadutsa milungu isanu chivotereni anthu pa chisankho chachipulula cha chipani cha Democrat cha mpando wa County Executive, oyendetsa zisankho ku Montgomery County, m'chigawo cha Maryland ku America, adatsimikiza zotsatira za kuwerenganso mapepala ovotera limodzilimodzi. A Marc Elrich adapeza mavoti 55,504. A David Blair adapeza 55,472. Pa mavoti oposa 140,000, awiriwa adasiyana ndi 32 okha, anthu oti sangadzaze ndi basi imodzi yomwe. Tsiku lomwelo a Blair adavomera kuti agonja.

Kukadakhala koyamba, bwenzi anthu atangoti ndi tsoka, zimachitika. Koma mu 2018 anthu awiri omwewa adalimbirana mpando womwewu, ndipo a Blair adagwa ndi mavoti 77. Pa zisankho ziwirizi adapisa m'thumba mwawo ndalama zoposa $11 miliyoni.

Montgomery County ili kumpoto kwa mzinda wa Washington, moyandikana khomo ndi khomo. Kalembera wa 2020 adapeza anthu 1,062,061, kuposa county ina iliyonse ku Maryland. Likulu lake ndi Rockville. Ku Bethesda kuli National Institutes of Health, chimake cha kafukufuku wa zamankhwala m'boma la America, komanso malikulu a makampani a Marriott ndi Lockheed Martin. Ndi dera la anthu ophunzira, ambiri mwa iwo ogwira ntchito m'boma, ndiponso ndi dera la obwera: pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse adabadwira kunja kwa America. Ku Silver Spring malesitilanti a anthu a ku Ethiopia ali mbwee, ku Wheaton Chisipanishi chimamveka m'sitolo iliyonse, pomwe ku Potomac kuli zinyumba zikuluzikulu za anthu a ndalama zawo.

Woyendetsa boma la derali tsiku ndi tsiku ndi County Executive, udindo umene udayamba mu 1970. Amasankhidwa ndi anthu zaka zinayi zilizonse. Apolisi, ozimitsa moto, mabasi a Ride On, malaibulale ndi misewu ya m'makwalala zili pansi pake. Ngakhale mowa umene: kumeneku boma la county ndi lomwe limapikulitsa mowa ku mabala ndi malesitilanti, ndipo lili ndi masitolo akeake a mowa waukali. Bajeti ya 2022 idali yoposa $6 biliyoni pachaka. Munthu amene adayendetsapo kampani ya ndalama zangati zomwezo akauyang'ana mpandowu amaona ntchito imene adaigwirapo kale.

A Blair adabadwa mu 1969 ndipo adakulira m'dera lomweli. Chuma chawo adachipezera pa bizinesi imene anthu ambiri, ngakhale ku America komweko, sadziwa kuti ilipo. Wodwala akapita ku famase ndi kalata ya dokotala amalipirako pang'ono, zotsalazo imalipira inshuwalansi ya kuntchito kwake. Pakati pa famase, opanga mankhwala ndi olipirawo pamakhala kampani ina imene imanenerera mitengo, kusankha mankhwala oyenera kulipiridwa ndi kuwerengetsa kuti aliyense alandira zingati. Kampani ya a Blair idali yotere. Idayamba ndi dzina loti HealthExtras, mu 2008 idasanduka Catalyst Health Solutions, likulu lake ku Rockville konko. Mu 2011 ndalama zolowa zidaposa $5 biliyoni, ndipo chaka chotsatira kampani ya SXC Health Solutions idaigula pa $4.4 biliyoni. A Blair adatsala ndi chuma ndi nthawi, zaka zawo zikadali za m'ma 40. Adalinso mmodzi mwa eni ake a Monumental Sports & Entertainment, kampani ya matimu a Washington Capitals ndi Washington Wizards. Koma pa chisankho adali asanaimepo, ngakhale cha ukhansala.

Mpata udabwera chifukwa cha msonkho. Mu 2016 khonsolo ya county idakweza msonkho wa malo ndi nyumba ndi pafupifupi 9 peresenti. Anthu adalusa, ndipo mu Novembala chaka chomwecho pafupifupi 70 peresenti ya ovota idavomereza lamulo loti makhansala ndi County Executive asapitirire matemu atatu otsatizana. Amene adatolera masiginecha a lamuloli ndi loya wa chipani cha Republican, a Robin Ficker, munthu amene wakhala akuvutitsa akuluakulu a derali zaka makumi angapo. A Ike Leggett, amene adakhala pampandowu kuyambira 2006, adali akuchoka. Makhansala akale nawonso adatsekeredwa njira yobwerera m'khonsolo, ndiye atatu mwa iwo, a Elrich, a Roger Berliner ndi a George Leventhal, adathamangira mpando wa a Leggett. Padabweranso a Rose Krasnow, meya wakale wa Rockville, ndi a Bill Frick, phungu wa nyumba ya malamulo ya Maryland. A Blair adalowa m'gulumo ali mlendo yekha pa ndale.

Ku Montgomery County chisankho chenicheni si cha Novembala. Munthu wa Republican adakhalapo pampandowu ndi mmodzi yekha, a James Gleason, amene adachoka mu 1978. Amene wapambana chisankho chachipulula cha chipani cha Democrat, mpando ndi wake. Ndipo ku Maryland chisankho chachipulula amavota okhawo amene adalembetsa kuti ndi a chipanicho. Osatsata chipani, amene alipo ochuluka ndithu m'derali, amangoonerera. Palibenso zoti wopambana apose theka la mavoti, kapena zoti awiri otsogola akabwereze. Woposa anzake ndi voti imodzi wapambana.

Amene adatsekereza a Blair ndi munthu wosiyana nawo pa chilichonse. A Marc Elrich, obadwa mu 1949, adaphunzitsa zaka 17 pa sukulu ya pulaimale ya Rolling Terrace ku Takoma Park. Adakhala khansala wa tauni ya Takoma Park kuyambira 1987 mpaka 2006, kenako adalowa m'khonsolo ya county, m'gulu la makhansala osankhidwa ndi dera lonse. Ndiye kuti pofika 2018 dzina lawo lidali litaonekera pa pepala lovotera la munthu aliyense wa m'derali katatu konse. Adatchuka ndi zinthu ziwiri: kukana ndalama za makampani omanga nyumba, ndi kumenyera malipiro otsikitsitsa a $15 pa ola. Lamulo la malipirolo a Leggett adalikana mu Januwale 2017, koma adasaina lina lokonzedwanso mu Novembala chaka chomwecho. Mabungwe a anthu apantchito adali nawo, alendi a nyumba adali nawo, komanso magulu a eni nyumba amene safuna zinyumba zosanja pafupi ndi makomo awo. Amalonda ankawaopa.

Chaka cha 2018 chidalinso choyamba kugwiritsa ntchito thumba la boma lothandiza kampeni, limene khonsolo idakhazikitsa mu 2014. Kayendetsedwe kake mu 2018 kadali kosavuta. Wofuna mpando wa County Executive ankalonjeza kuti salandira ndalama za makampani kapena mabungwe, ndipo munthu mmodzi sankaloledwa kumupatsa zoposa $150. Akatolera $40,000 kwa anthu osachepera 500 a m'derali, boma linkayamba kumuonjezera: pa $50 yoyamba ya wopereka aliyense linkaika $6 pa dola iliyonse, pa $50 yachiwiri $4, pa yachitatu $2. Namwino wa ku Wheaton akapereka $50, wopikisanayo ankalandira $350. Akapereka $150 yonse, zinkafika $750. Boma silinkapitirira $750,000 pa munthu mmodzi pa chisankho chimodzi. A Elrich adalowa m'ndondomekoyi.

A Blair sadalowemo, ndipo panalibe chowakakamiza. Mu 1976, pa mlandu wa Buckley v. Valeo, khoti lalikulu la America lidagamula kuti boma silingaikire munthu malire pa ndalama zake zomwe akufuna kugwiritsa ntchito pa kampeni yake. Bwenzi lawo lolemera silikadawapatsa zoposa $6,000 malinga ndi malamulo a Maryland, koma iwo eni akadatha kutapa mmene afunira. Adatapa pafupifupi $5.4 miliyoni. Kulengeza pa wailesi za kanema za ku Washington kumadula kwambiri, chifukwa umalipirira ndi oonera a ku Virginia ndi mumzinda wa Washington amene sangakuvotere nkomwe. Anzawo asanuwo sakadakwanitsa kukhalapo milungu yambiri; a Blair adakhalapo. Makalata okopa anthu ankagwa m'mabokosi a makalata mosalekeza. Ndalamazo zikagawidwa ndi mavoti 37,455 amene adapeza, voti iliyonse idawadyera pafupifupi $144, kutsala pang'ono kufanana ndi ndalama zonse zimene munthu mmodzi ankaloledwa kupatsa a Elrich.

Kungoti ndi ndalama basi nkulakwitsa, pakuti uthenga wawo udagwera panthaka yonyowa kale. Anthu ambiri m'derali ankaona kuti ntchito zatsopano zikuwolokera tsidya lina la mtsinje wa Potomac, ku Fairfax ndi Arlington m'chigawo cha Virginia. Lipoti la kampani ya Sage Policy Group lotuluka chaka chomwecho lidati pakati pa 2011 ndi 2016, mukachotsera mabizinesi otsekedwa, Montgomery County idaonjezera mabizinesi 6 okha. Nthawi yomweyo Amazon inkafuna malo a likulu lake lachiwiri. Montgomery County idali pa mndandanda wa madera 20 otsala, ndipo Maryland idalonjeza zokopa zofika $8.5 biliyoni. Funso loti ndani angakhale patebulo ndi makampani otere lidali pakamwa pa aliyense. A Blair ankati popanda mabizinesi atsopano, ndalama za sukulu ndi mabasi zizichokera m'misonkho yokwera chaka ndi chaka. Nyuzipepala ya The Washington Post idawaikira kumbuyo, zimene kwa mlendo pa ndale zidali ngati chitupa. Amazon ija mu Novembala 2018 idasankha Arlington.

Otsutsana nawo sadasowe powagwira. Adakumbutsa anthu kuti bambowa adalembetsapo ngati a Republican zaka za m'mbuyo. Adafunsa kuti makampani apakati pa famase ndi inshuwalansi amatsitsa mtengo wa mankhwala kapena amadyerapo. Koposa zonse ankati munthuyu akufuna kugula mpando. A Blair ankayankha kuti wodzilipirira yekha kampeni alibe ngongole kwa wina aliyense. Chodabwitsa nchakuti a Elrich nawonso ankadzigulitsa ndi mfundo yomweyo, kuti alibe mangawa kwa omanga nyumba. Mmodzi ankati ndi mfulu chifukwa ndalama ndi zake, winayo chifukwa ndalama ndi za anthu wamba ndi boma.

Anthu adavota pa 26 Juni 2018. Kutangotsala masiku ochepa zidadziwika kuti ofesi ya ziphaso za galimoto ya Maryland, kumene anthu ambiri amasinthirako adiresi kapena chipani, sidatumize ku bungwe la zisankho zosintha za anthu pafupifupi 80,000 m'chigawo chonse. Otere adauzidwa kuti avote pa mapepala oikidwa padera, oti akawerengedwe pambuyo potsimikiza mayina awo. Usiku wa chisankho a Elrich ankatsogola ndi mavoti osakwana 500. Masiku otsatira, pamene ankatsegula mavoti a pa positi ndi oikidwa paderawo, mpatawo udanka nuchepa mpaka kutsala 80. A Blair adapempha kuti ena awerengedwenso. Mapeto ake adali 37,532 kwa 37,455, aliyense 29 peresenti. Anthu oposa 50,000 adavotera anayi enawo.

Amalonda sadakhutire. A Nancy Floreen, khansala wakale wa Democrat, adatuluka m'chipani nkuima paokha mu Novembala, ndipo The Washington Post idawatsatira. Sizidathandize: a Elrich adapeza pafupifupi 65 peresenti, a Floreen ndi a Ficker nkugawana zotsalazo.

Anthu ambiri olemera akagwa pa chisankho amabwerera ku mabizinesi awo osacheukanso. A Blair sadatero. Mu 2019 adakhazikitsa bungwe lotchedwa Council for Advocacy and Policy Solutions, loti lizifufuza ndi kuyankhulapo pa nkhani za derali, ndipo adapitiriza kuonekera pa zochitika za anthu. Pofika 2022 palibe akadawanenanso kuti ndi mlendo. Nawo a Elrich adali atalamulira nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene Montgomery County idaika malamulo okhwima kuposa madera ambiri ndipo idakhala m'gulu la ma county akuluakulu obaya katemera kwambiri m'dziko lonse. Ena adawayamikira; eni malesitilanti ndi makolo ena otopa ndi ana kukhala pakhomo adasunga chakukhosi.

Mkangano waukulu wa 2022 udali wa nyumba. Lendi idakwera, achinyamata obadwira m'derali ankalephera kugula nyumba kwawo komwe. Mbali ina inkati vuto ndi kuchepa kwa nyumba, ndiye malamulo afewe kuti anthu amange zambiri, makamaka pafupi ndi masiteshoni a sitima za Metro. A Elrich ankati omanga amathamangira nyumba zodula, osauka sapindula kanthu, ndipo chofunika nkuteteza nyumba zotchipa zimene zilipo kale. Apa mizere yakale ya ndale idasokonekera. Nthambi ya m'derali ya Sierra Club, bungwe la zachilengedwe limene ambiri akadayembekeza kuti likhala ndi a Elrich, idasankha a Blair. A Dustin Moskovitz, mmodzi mwa oyambitsa Facebook, wokhala kutali ku California, adaponya $500,000 m'gulu lina lotsutsa a Elrich pa nkhani ya nyumbayi. A Blair adaonjezera zawo zoposa $6 miliyoni, ndipo The Washington Post idawavomerezanso.

A Elrich adali ndi chida chimene sichioneka pa kanema. Bungwe la aphunzitsi la m'derali limasindikiza kapepala kokhala ndi chithunzi cha apozi, kolembapo mayina a anthu amene lawavomereza, ndipo aphunzitsi amaima panja pa malo ovotera nkumagawira aliyense wolowa. Pa chisankho chimene pepala lovotera lili ndi mayina ambirimbiri, kuyambira bwanamkubwa wa chigawo mpaka mamembala a komiti ya chipani, ovota ambiri amalowa ndi kapepalako m'manja nkumakopera. Mu 2022 dzina la a Elrich lidali pamenepo.

Panalinso munthu wachitatu wamphamvu. A Hans Riemer, khansala amene matemu ake adatha, ankalalikira uthenga womanga nyumba zambiri mwamphamvu kuposa a Blair amene. Adakana kutuluka mumpikisano, ndipo adapeza mavoti oposa 28,000, pafupifupi 20 peresenti.

Chisankho chidayenera kuchitika mu Juni, koma milandu ya malire a madera idachikankhira pa 19 Julayi, nthawi imene mabanja ambiri amakhala ali kutchuthi. Chiyambireni mliri anthu adazolowera kuvota pa positi, pomwe lamulo la Maryland linkaletsa kutsegula maenvulopu mpaka Lachinayi la pambuyo pa chisankho. Aphungu adavomereza bilu yosintha zimenezi, koma bwanamkubwa Larry Hogan adaikana. Motero usiku wa chisankho zotsatira zidali za okhawo amene adavota pamaso, ndipo a Blair ankatsogola ndi mavoti oposa 1,000. Maenvulopu zikwizikwi adali chiunjikire.

Kuwerenga kudachitikira ku Germantown. Patebulo lililonse pamakhala anthu awiri a zipani zosiyana. Amaona ngati wovota adasaina lumbiro la pa envulopu, nkutulutsa pepalalo, kulitambasula, kuyang'ana ngati makina angathe kuliwerenga. Lina limakhala long'ambika, lina wovota adachonga m'malo modetsa kabowo, lina adadetsa mayina awiri nkufufuta limodzi. Otere amapita kwa akuluakulu a bungwe la zisankho la county kuti agamule chimene mwini wake ankafuna. Ku Maryland ambiri mwa akuluakuluwa amachokera kuchipani cha bwanamkubwa, ndiye kuti a Republican ndi amene ankachuluka pogamula mapepala a chisankho cha a Democrat. Maloya ndi oimira mbali zonse ziwiri amaima chapatali pang'ono, maso pa zala za owerengawo. Madzulo alionse ziwerengero zatsopano zikatuluka, atolankhani ndi otsatira ndale ankathamangira kuchotsera. Tsiku lina a Elrich apitirira, lina a Blair abwerera patsogolo.

Kumayambiriro kwa Ogasiti kuwerenga kudaoneka kuti kwatha, a Elrich ali patsogolo ndi 42, ndipo adalengeza kuti apambana. Koma ogwira ntchito pofananiza ziwerengero zawo asanatsimikize zotsatira adapeza mapepala 102 oikidwa padera amene sadawerengedwe. Atawatsegula mpata udatsika kufika pa 35. A Blair adapempha kuti mavoti onse awerengedwenso ndi manja. Masiku angapo anthu adakhalira kuunjika mapepala m'milu, wa Elrich apa, wa Blair apo. Pa mapepala oposa 140,000, mpata udangosuntha ndi mavoti atatu. Ngakhale mitima idali m'mwamba, mbali zonse ziwiri zidalandira zotsatirazo, ndipo nkhani sidapite kukhoti.

Ena amatenga nkhaniyi ngati umboni woti ndalama sizigula chisankho. Umboniwo ngwofooka. Munthu amene kumayambiriro kwa 2018 ovota ambiri sankamudziwa ndi dzina lomwe adapitirira meya wakale, makhansala awiri a zaka zambiri ndi phungu, nkufanana mphamvu ndi munthu amene adayamba ndale mu 1987. Anthu 39 okha akadasintha maganizo mu 2018, kapena 17 mu 2022, bwenzi nkhani ili yoti mpondamatiki adagula county. Chimene ndalama idawagulira a Blair ndi nthawi: m'miyezi yochepa adadziwika monga momwe ena amadziwikira atayenda misonkhano ya usiku zaka makumi awiri. Chimene idalephera ndi kuchotsa a Elrich anthu awo. Mu 2018 adali ndi 29 peresenti, mu 2022 adali ndi 39, ndipo zolengeza zowanyoza sizidawagwedeze anthu amenewa.

Malamulo a mpikisano adachitanso zawo. Popanda thumba la boma lija, mphunzitsi wopuma wokana ndalama za omanga nyumba sakadapeza zosindikizira makalata okwanira dera la anthu 1 miliyoni. Osatsata chipani akadaloledwa kuvota, ambiri amakhulupirira kuti wamalonda akadapindula. Ndipo pa anthu 28,000 a a Riemer, amene pa nkhani ya nyumba adali kutali ndi a Elrich, sipakadafunika ambiri kuti zinthu zitembenuke. Pali njira ina yovotera imene munthu amasanja opikisana, woyamba, wachiwiri, wachitatu, kuti wake akagwa voti ipite kwa wotsatira. Tauni ya Takoma Park, kwawo kwa ndale za a Elrich, yakhala ikuigwiritsa ntchito kuyambira 2007. County yonse singaitenge popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo ya Maryland ku Annapolis, ndipo pa zisankho ziwirizi chilolezocho panalibe.

Pali funso lina limene chisankho sichidayankhe, loti a Blair akadapambana akadachita zotani. Kampeni yawo idatsamira pa mfundo yoti wodziwa kuyendetsa kampani angayendetse boma. Koma mkulu wa kampani akalamula, zimachitika. County Executive amangopereka bajeti, yovomereza ndi khonsolo, imene kuyambira 2022 ili ndi makhansala 11. Pafupifupi theka la bajetiyo limapita ku sukulu za boma za ana pafupifupi 160,000, ndipo sukuluzo zimayendetsedwa ndi bodi yakeyake yosankhidwa ndi anthu. Lamulo la Maryland limaletsanso county kuchepetsa ndalama za mwana mmodzi kuyerekeza ndi chaka chapita. Malipiro a apolisi, ozimitsa moto ndi ena amakambidwa ndi mabungwe awo. Ngakhale nkhani ya nyumba imene idatenthetsa kampeni ya 2022 ili kwenikweni m'manja mwa khonsolo ndi bodi ya mapulani imene khonsoloyo imasankha. Umboni wake udaoneka mu Okutobala chaka chomwecho: khonsolo idavomereza pulani ya nthawi yaitali yotchedwa Thrive Montgomery 2050, yolimbikitsa kumanga nyumba zambiri, a Elrich akuikana poyera ali pampando. Madola mamiliyoni aja adathera pa mpando umene pa nkhani yaikulu ya chisankhocho uli ndi pakamwa koma ulibe voti.

A Blair si okha a mtundu wawo m'derali. A David Trone, a ku Potomac, mmodzi mwa eni masitolo a mowa a Total Wine & More, adamwaza pafupifupi $13 miliyoni zawo mu 2016 pofuna uphungu wa ku Congress, nkugonja kwa a Jamie Raskin, mphunzitsi wa zamalamulo wa ku Takoma Park komwe kuja. Mu 2018 adapambana kudera lina, koma mu 2024 adaika zoposa $60 miliyoni pofuna mpando wa Senate ndipo adagwa pa chisankho chachipulula kwa a Angela Alsobrooks, amene panthawiyo adali County Executive wa Prince George's County.

Mu Novembala 2022 a Elrich adagonjetsa a Reardon Sullivan a Republican mosavuta, ndi mavoti pafupifupi atatu pa anayi alionse. A Sullivan sadakhale pansi. Adatsata njira ya a Ficker: malamulo a Maryland amalola kuti masiginecha 10,000 a ovota aike pa pepala lovotera funso losintha malamulo oyendetsera county. Gulu lawo lidayenda m'misika ndi pa zochitika za anthu mpaka masiginecha adakwana, funso lake loti County Executive azilamulira matemu awiri okha otsatizana m'malo mwa atatu. Pa funso lotere amavota onse, a Democrat, a Republican ndi osatsata chipani omwe. Mu Novembala 2024 ovota adavomereza ndi mavoti ochuluka, ndipo a Elrich adatsekeredwa njira yoimanso pampandowu mu 2026.